Chitini Chofiira

Ine ndine mkamwini. Kwathu kuno, kuseri kwa Migowi, mwamuna akakwatira amasiya kwawo n'kukamanga kwa mkazi. Munda ndi wa mkazi. Ana ndi a mkazi ndi alongo ake. Iwe chako ndi khasu ndi chipewa. Ukhala pamudzipo malinga ndi pakamwa pa mwini mbumba, mlongo wake wa mkazi wako. Iye akati ndiwe munthu, ndiwe munthu. Akati wakwana, umanyamula khasu lako.

Mwini mbumba wathu anali a Layisoni, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Sanali munthu woipa. Anali wa mawu okwera, wokonda nthabwala, ndipo ankakonda kunditumira pagulu.

"Alamu, denga la apongozi anu likudontha. Kodi maso munawasiya kwanu?"

Anthu n'kuseka. Ine n'kukwera padenga. Ndinkangomeza.

Madzi atatsika m'phiri la Michesi anakokolola munda wathu wa kumtsinje n'kutisiyira miyala. Migodi ya ku Joni inali itasiya kale kulemba anthu a kuno. Koma zipani zitachuluka pasipoti inayamba kupezeka, ndipo amuna anayamba kupita okha ku Joni pa basi yodzera ku Mwanza ndi ku Tete. Nanenso ndinanyamuka. Rozi, mwana wathu woyamba, anali akadali ku pulayimale. Amayi ake anandikazingira mtedza osanena zambiri. A Layisoni anandiperekeza mpaka pa siteji.

"Mukapite bwino, alamu. Koma musakatchone. Ana awa sindinabereke ndine, ndimangowalamulira."

Anaseka. Ine sindinaseke.

Za kuvutika kwa miyezi yoyamba sindinena zambiri. Aliyense wopita kumeneko ali nazo zake. Ndinagona m'kachipinda ka malata ndi amuna a ku Mulanje ndi ku Mangochi, tikusinthana bulangete. Ndinakumba maenje. Ndinathawa apolisi podumpha mpanda, buluku n'kung'ambika. Basi.

Ntchito yeniyeni ndinaipeza pa galaja ina yowongola ndi kupenta magalimoto ochita ngozi. Mwini wake anali Mpwitikizi wachikulire amene tinkamutcha Patarawu. Tsiku limenelo ndinali pa ganyu yotsitsa zitsulo pa geti pake. Chitsulo china chinandigwera pa chala, ine n'kutukwana m'Chilomwe. Mzungu uja anatembenuka n'kundiyankha m'Chilomwe chomwecho. Anakulira ku minda ya tiyi ya ku Mozambiki, kufupi ndi kumene agogo anga anachokera. Anandilemba tsiku lomwelo.

Ndinayamba ndi kutsuka magalimoto. Kenako anandipatsa sandipepa. Patapita nthawi anandiika pa makina opukutira, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakhala munthu wa ntchito.

Galimoto ikatuluka m'chipinda chopoperamo penti, kwa munthu wodutsa imaoneka yatha. Ukayandikira umaona timafumbi tomatirira, ndipo penti imakhala ndi khungu ngati la lalanje. Ntchito yanga inali kuchotsa zimenezo. Poyamba umadutsa ndi sandipepa wosalala ndi madzi, penti n'kuchita mbuu ngati waiwononga. Kenako umatenga makina ozungulira, n'kupaka kompaundi, phala lokhala ndi timchenga tosaoneka ndi maso. Timchenga timeneto timadya penti pang'onopang'ono mpaka iwale. Kupukuta n'kudya. Anthu ambiri sadziwa zimenezo. Amayesa ukuwonjezera kuwala, chikhalirecho ukuchotsa penti.

Pa shelefu panali chitini chofiira, chokakala ukachitikita pa zala. Chimenecho chinkadya msanga. Panali chitini choyera, chofewerapo. Panalinso kabotolo ka timadzi tomalizira, tosamveka n'komwe pa chala. Patarawu anandiphunzitsa kamodzi, ataima kumbuyo kwanga.

"Penti ya dzulo si penti ya chaka chatha. Pamwamba yauma, mkati ikadali yaiwisi. Uyambe waidina ndi chikhadabo kuseri kwa chitseko, kosaoneka. Chikasiya chizindikiro, dikira. Ndipo nthawi zonse uziyamba ndi chofewa. Chikakanika, ukwere. Ukayamba ndi chofiira palibe kubwerera. Chimene wadya, wadya."

Zina ndinaphunzira ndekha. M'ngodya ndi m'mizere ya galimoto penti imakhala yopyapyala, chifukwa popopera imathawamo. Ukakhazika makina pamenepo ndi chofiira, pa nsalu ya ubweya wa nkhosa, penti imatentha, imafewa, kenako umaona utoto wapansi ukukuyang'ana. Apo ndiye kuti mbali yonse ikapoperedwanso. Galimoto yoyera imakhululuka. Yakuda sikhululuka. Ikatuluka padzuwa imaulula paliponse pamene dzanja lako linathamanga.

Ndinali katswiri. Sindikudzitama, ndikunena zimene zinali. Magalimoto akuda onse ankadikira ine. Kumudzi nyumba inafoleredwa malata, Rozi anapita ku sekondale, ndipo m'munda munayamba kulowa feteleza.

Chaka cha njala yaikulu a Layisoni anatulukira. Ndinawapeza atakhala pa geti ya galaja, chikwama chili pamiyendo, kolala ya shati itawakulira. Munthu wa mawu okwera uja analankhula motsitsa.

"Alamu, kumudzi anthu akudya zitsa za nthochi. Ndabwera."

Ndinawapemphera ntchito kwa Patarawu. Nthawi imeneyo ndinali ndi kachipinda kangakanga. Ndinawapatsa bedi, ine n'kuyala pansi. Mwini mbumba sagona pansi mkamwini ali pabedi, kaya ndi ku Joni.

Atakhuta, mawu awo anabwerera. Pa nthawi ya tiyi ankasangalatsa anzathu a pantchito, Azimbabwe awiri ndi Mzulu wina wopopera penti. Ankawafotokozera za kwathu m'Chizulu chothyokathyoka.

"Bwana wanuyu mukumuopa? Kwathu ndimamukweza padenga ine. Ndikati tsika, amatsika."

Iwo ankagwa nako kuseka. Mzulu uja anayamba kundifunsa m'mawa uliwonse ngati denga lauma. Ndinkameza, monga kale. Koma kumeza kwa ku Joni kunali kowawa kuposa kwa kumudzi, chifukwa kumeneko dzina ndinali nditalipanga ndi manja anga.

Ntchito ankaigwira. Manja anali nawo. Vuto lawo linali limodzi: sankatha kundifunsa. Munthu amene wakhala akukutuma moyo wake wonse sangabwere n'kunena kuti alamu, apa nditani. Ankaonera patali n'kumayesa okha. Ndinawayambitsa pa maminibasi akale, a penti yofwifwa ndi dzuwa, youma gwa. Pamenepo chitini chofiira chimachita zodabwitsa. Udutsa kamodzi, mtundu n'kudzuka. Anachikonda.

"Ichi ndiye chitini cha amuna," ankatero. "Inu ndi timadzi tanuto mumachita ngati mukusambitsa khanda."

Ndinawauza kuti chofiira n'cha penti yakale. Ndinawauza. Kaya ndinanena mokweza mokwanira, kaya ayi, koma ndinanena.

Tsiku lina kunabwera galimoto yonyamula maliro, yaitali, yakuda. Inagundidwa m'mbali, ndipo eni ake ankaifuna isanafike sabata yamawa. Inapoperedwa dzulo lake. Ndinaidina kuseri kwa chitseko, chikhadabo n'kusiya kachizindikiro. Ndinadutsa ndi sandipepa mopepuka, ndikuti madzulo ndiyese choyera pamalo pang'ono. Kenako ndinapita ku sitolo ya galaja kukatenga siponji yatsopano.

Ndikubwerera ndinamva makina akulira. Ndinathamanga. A Layisoni anali atawerama pa madigadi a kutsogolo, makina ali pangodya penipeni, nsalu ya ubweya itafiira. Chitini chofiira chinali chotsegula pansi. Fungo la penti yotentha ndinalimva ndili pakhomo. Ankafuna kundithandiza. Ankaimba muluzu.

Waya wa makinawo unali wolumikizidwa pakhoma, pafupi ndi chitseko chimene ndinaloweracho. Dzanja langa linadutsa pomwepo. Ndikanangozula, makina akanazima.

Sindinazule. Ndinafika n'kuwamenya pa dzanja, ndinalanda makina, n'kuwakankha ndi phewa. Anabwerera m'mbuyo, napunthwa, n'kukhala pansi mu ndowa ya madzi akuda otsukira sandipepa. Madzi anamwazika. Ndipo ndinalankhula, osati m'Chichewa kapena m'Chilomwe kuti zikhale zathu, koma m'Chizulu, kuti onse amve.

"Kuno si kwanu kolamula akamwini! Kuno ndiwe wotsuka matayala. Pita ukatsuke matayala!"

Azimbabwe aja anaseka. Mzulu uja anaseka mpaka kugwira khoma. Munthu wamkulu, wa imvi, atakhala mu ndowa miyendo ili m'mwamba.

Ine ndinatembenukira galimoto. Pangodya panali patachita banga la kutentha, pofewa, koma utoto wapansi unali usanatuluke. Ndikanachedwa kupuma kumodzi kokha, penti ikanabooka. Ndinaisiya kuti izizire. Mawa lake ndinaikonza ndi choyera, pa siponji, makina akuyenda pang'onopang'ono. Inatuluka ngati galasi. Patarawu sanadziwe kanthu.

Chitini chinali cholakwika. Zimenezo ndidzanena mpaka kumanda. Munthu aliyense wodziwa penti angandivomereze. Galimoto ija ikanapsa, tonse awiri tikanachotsedwa ntchito, ndipo kumudzi kukanafa anthu. Ndazilingalira kambirimbiri ndipo nthawi zonse ndimapeza kuti ndinalondola.

Koma waya uja unali pafupi ndi dzanja langa.

A Layisoni anadzuka okha. Anavula ovolosi, naifinya, naipinda bwinobwino, n'kuiika pa benchi.

"Zikomo, alamu," anatero m'Chichewa. Anatuluka pa geti.

Ndinaganiza kuti ndikawapeza kuchipinda. Ndinapeza bedi loyalidwa, bulangete limene ndinawagulira litapindidwa pamwamba. Chikwama chawo panalibe. Sindinawafunefune. Ndinati munthu wamkulu akapsa mtima amabwerera yekha. Ndinapitiriza kugona pansi kwa kanthawi, kenako ndinabwerera pabedi.

Masiku amenewo tinkaimba foni pa sitolo ina ya ku Migowi, mwini sitolo n'kutuma uthenga kumudzi kuti amayi a Rozi abwere tsiku lakuti. Nthawi iliyonse funso lawo loyamba linali limodzi.

"Achimwene ali bwanji?"

"Anapeza ntchito kwina."

"Kuti?"

"Joni ndi wamkulu, mayi."

Mkazi amene wakhala nawe zaka zambiri amamva ngakhale zimene sukunena. Koma sanandikakamize. Zaka zinapita motero. Apongozi anga anamwalira mwana wawo wamwamuna palibe. Ndinatumiza za bokosi.

Kenako kunabwera foni ina. Munthu wogula nsomba ku Chilwa anali atafunsira Rozi. Akwawo anali atabwera kale kawiri.

"Akufuna mwini mbumba," anatero amayi a Rozi. "Inu simungalankhule pa mwana, mukudziwa. Abale akufunsa kuti munthu wathu munamusiya kuti. Ena akuti munamudyera. Ine ndatopa kuyankha. Mubwere nawo achimwene. Mukalephera, kaya mudzafikira kuti, ine sindikudziwa."

Sanakweze mawu. Ndinamva.

Ndinapempha tchuthi n'kuyamba kuyenda. Ndinafunsa m'matchalitchi a Amalawi, m'mahositelo, kwa madalaivala a mabasi a kumudzi. Wina anandilozera ku renki ya maminibasi ya kutsidya lina la tauni. Ndinawapeza kumeneko. Anali ndi ndowa ndi kansanza, akutsuka matayala a minibasi. Anali ataonda kuposa tsiku limene anafika. Ankatsokomola chifuwa chochokera pansi.

Anandiona ndisanalankhule. Anaimirira pang'onopang'ono, atagwira msana.

"Alamu. Mwabwera kudzaona ngati ndatsegula chitini choyenera?"

Panjira ponse ndinali nditakonza mawu. Ndinali nawo. Amene anatuluka ndi ena.

"Rozi akukwatiwa. Akufuna mwini mbumba."

Anaponya kansanza mu ndowa.

"Mnyamata wa kuti?"

"Wa ku Chilwa. Wogula nsomba."

"Amamwa?"

"Sindikudziwa."

"Inu bambo wake wa mwana simukudziwa." Anapukusa mutu, n'kuseka pang'ono, kuseka n'kusanduka chifuwa. Anakhuthula madzi a mu ndowa. "Basi inyamuka liti?"

Ndinawagulira suti ndi nsapato. Analandira osathokoza, osakana. Ulendo wonse tinakhala mpando umodzi. Anagona kwambiri, mutu utatsamira zenera. Ndinkadikira kuti ayambe nkhani, kuti andiuze zimene akakanene kumudzi. Tikuwoloka mlatho wa ku Tete anatsegula maso.

"Galimoto ya maliro ija inapola?"

"Inapola."

"Sinabooke?"

"Ayi."

"Chabwino," anatero, n'kutsekanso maso.

Kumudzi ndinapeza zonse zitasuntha. Mtengo wa mango wa pabwalo unadulidwa. Ana anga aang'ono anandipatsa moni wogwada, wa mlendo. Amayi a Rozi anali ndi imvi zimene sindinazione zikumera. Ataona achimwene awo akutsika pa njinga ya kabaza, suti ikulendewera pa mafupa, anagwira pakamwa. Kenako anayang'ana ine, wonenepa, wa masutikesi awiri. Mudzi wonse unayang'ana chimodzimodzi. Onse ankadikira a Layisoni.

Masiku otsatirawo anakhala pakhonde akulandira anthu. Ndinkatchera khutu. Ankasimba za kuzizira kwa ku Joni, za masitima, za akuba. Za galaja ayi.

Tsiku la chinkhoswe anthu anadzaza bwalo. Ankhoswe a mbali zonse atamaliza zawo, nkhuku zitasinthanidwa, a Layisoni anaimirira atatsamira ndodo. Analangiza Rozi. Anamuopseza mnyamata uja mwanthabwala kuti akadzangomva fungo la kachasu adzamukweza padenga. Anthu anaseka. Kenako anatembenukira kumene ndinakhala.

"Pali nkhani ina. Ndamva kuti pamudzi pano pakuyenda mawu onena za alamu angawa. Ndiye ndinene ndine, amene ndinali komweko."

Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali nditaganiza kale kumene ndikalowere: kwa mlongo wanga ku Chiringa, ngati angandilandire.

"Ndinafika ku Joni ndili ndi njala. Munthu uyu anandipezera ntchito. Anandipatsa bedi lake, iye n'kugona pansi pa simenti, kuzizira konse kuja. Anandiphunzitsa ntchito ya manja ake. Nditasochera, anayenda tauni yonse kundifunafuna mpaka anandipeza, n'kundibweretsa kuti ndidzafere kwathu. Malata mukuwaonawa ndi thukuta lake. Tsono ndikunena pamaso pa nonse. Kaya ine ndilipo kaya kulibe, kaya mlongo wanga alipo kaya kulibe, mkamwini uyu pano ndi pake. Wina asadzamulozere njira."

Amayi analulutira. Amuna anawomba m'manja. Ena anabwera kudzandigwira chanza, omwe aja ankati ndinamudyera. A Layisoni anakhala pansi akupuma movutikira. Sanandiyang'ane.

Sananame ngakhale liwu limodzi. Anangosankha zonena.

Ndinati ndidzalankhula nawo ukwati ukatha, anthu akabalalika. Ukwati unatha. Ndinati akapezako bwino. Ndinkawaperekeza ku chipatala ku Boma pa njinga, iwo kumbuyo atagwira malaya anga, ndipo panjira tinkakamba za mvula ndi mitengo ya nandolo. Tsiku lina pa chitunda ndinatsika kuti ndikankhe njinga, iwo ali pompo pa keliyala. Ndinayamba.

"Alamu, tsiku lija ku galaja..."

"Kankhani njinga, alamu. Dzuwa likukwera."

Ndinakankha. Anamwalira chimanga chisanache.

Ku Joni sindinabwererenso. Maso anali atayamba kufooka, ndipo wopukuta galimoto yakuda amafunika maso. Amayi a Rozi anakhala nane zaka zingapo. Sanandifunsepo zimene zinachitika kumeneko. Nthawi zina ndinkawapeza akundiyang'ana, ine n'kutuluka panja. Nawonso anapita.

Maliro atatha, abale anakhala pansi monga mwa mwambo, kuti aone za mkamwini wotsala. Ambiri a msinkhu wanga anasudzulidwa motero, n'kubwerera kwawo ndi kachikwama, kumudzi kumene palibenso wowadziwa. Ine ndinali nditamanga kale katundu. Mwini mbumba watsopano, mbale wawo wa a Layisoni wa kuchikazi, sanachedwetse nkhani.

"Apa palibe zokambirana. Malemu a Layisoni ananena pagulu, tonse tinamva. Bambo, masulani katundu."

Ndinamasula. Ndili pompano. Ndikulima munda wa eni, ndikugona m'nyumba ya pa malo a eni, pa mawu a munthu amene ndinamukhazika mu ndowa.

Manda awo ndimalambula ndine. Anthu amati ndi chikondi cha pachilamu, ndipo amauza ana awo kuti aonere ine. Sindiwatsutsa.

Mwezi wathawu Rozi anabwera kudzandiona. Akusesa m'nyumba anapeza kabotolo ka timadzi tomalizira kamene ndinabwera nako, katauma kale mkati. Anakanunkhiza, n'kundifunsa.

"Bambo, kodi amalume ku Joni ankagwira ntchito yanji kwenikweni? Sankanena."

"Ankapukuta magalimoto. Ngati ine."

"Ankaitha?"

Ndinatenga kabotolo kaja n'kukabwezera pawindo.

"Anali ndi dzanja lofewa kuposa langa," ndinatero.